Alangizi Achilendo m'Gulu Lankhondo Lapamadzi pa Nthawi ya Nkhondo: Njira Zinayi ndi Mmene Mungasankhire

Dziko limene gulu lake lankhondo lapamadzi ndi lofooka likalowa m'nkhondo, ndipo dziko lina lamphamvu n'kuvomera kulithandiza, zokambirana zoyambirira zimakhala za zombo, mizinga ndi mafuta. Nkhani ya anthu amene adzabwere ndi zidazo, udindo umene adzapatsidwe ndiponso malire a mphamvu zawo imasiyidwira kumapeto, chonsecho ndi imene imaonetsa ngati gulu lothandizidwalo lidzathe kuima palokha alendowo akadzabwerera kwawo. Zimene zili m'munsimu zalembedwera akuluakulu a asilikali, ogwira ntchito m'maunduna a zachitetezo, aphungu amene amaunika mapangano otere, komanso ophunzira za nkhondo. Pali njira zinayi zimene zinayesedwapo m'nkhondo zenizeni: mlangizi wokhala pakati pa asilikali koma wopanda mphamvu zolamula, kagulu kolumikizitsa magulu awiri, mlendo wopatsidwa ulamuliro, ndi maphunziro ochitikira kunja pamodzi ndi kupatsidwa zombo.

Zoyezera zake

Choyamba ndi mtengo, ndipo pano sitikunena za ndalama zokha. Dziko lothandiza limachotsa maofesala aluso m'zombo zake pa nthawi imene likuwafuna kwambiri, pamene dziko lothandizidwa limapereka gawo lina la ufulu wake wodzisankhira zochita. Chachiwiri ndi kapezekedwe: kodi anthu oyenera alipo, amamva chinenero cha anzawo, ndipo angafike msanga motani? Chachitatu ndi kusamalira, kutanthauza masipeya, amakaniko, malo okonzerako zombo ndi malipiro a amalinyero. Chachinayi ndi zoopsa, kuyambira imfa ya mlangizi mwiniwake mpaka dziko kukokeredwa m'nkhondo imene silinaifune.

Mwa zinayizi, ine ndimaika kulemera kwakukulu pa kusamalira. Chombo chimaperekedwa tsiku limodzi pamwambo wa mbendera, koma injini yake imafuna munthu woidziwa tsiku lililonse kwa zaka makumi awiri, ndipo njira iliyonse iyenera kufunsidwa kuti munthu ameneyo adzachokera kuti.

Njira yoyamba: mlangizi wokhala pakati pa asilikali, wopanda mphamvu zolamula

Chitsanzo chachikulu ndi cha alangizi a ku America m'gulu lankhondo lapamadzi la South Vietnam. Ofesala wachichepere, kawirikawiri wa udindo wa lefutenanti, ankatumizidwa kukakhala ndi gulu la maboti a mumtsinje m'chigawo cha Mekong kapena gulu la mabwato amatabwa olondera m'mphepete mwa nyanja. Ankadya mpunga ndi nsomba zomwe amalinyero akudya, kugona pamalo awo, ndi kupita nawo kunkhondo, koma lamulo linkachokera kwa mkulu wa Chivietnam. Ntchito yake inali kulangiza, kulemba malipoti, ndi kulumikiza gululo ku ndege, mizinga ndi mahelikoputa a America kudzera pa wailesi.

Mtengo: Pa ndalama, njira imeneyi ndi yotsika kuyerekeza ndi kutumiza zombo zonse ndi amalinyero ake, chifukwa ofesala mmodzi kapena awiri ndi anthu ochepa odziwa injini ndi wailesi amakwanira pa gulu limodzi. Mtengo wake weniweni uli pa mtundu wa munthu amene akufunika. Ayenera kukhala wodziwa ntchito, woleza mtima, ndiponso wokhoza kupirira pamene malangizo ake akanidwa ndi munthu amene wamenya nkhondoyo kwa zaka zambiri iye asanabwere. Dziko lothandizidwa silitaya ulamuliro wake papepala, ndipo ichi ndicho chimakopa maboma ambiri.

Kapezekedwe: Apa ndi pamene njirayi imatsimphina. Alangizi a ku America ankakhala m'dzikolo chaka chimodzi basi, ndipo ambiri ankafika ndi chinenero chochepa kwambiri. Miyezi yoyamba inkatha akuphunzira mitsinje, mafunde ndi anthu, ndipo pamene mkulu wa Chivietnam wayamba kuwakhulupirira, nthawi yobwerera inkakhala itayandikira. Mkulu mmodzimodziyo ankalandira alangizi angapo motsatizana, aliyense ndi maganizo ake atsopano, kotero sizodabwitsa kuti ena anaphunzira kumvetsera mwaulemu n'kumachita zimene anazolowera. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo amene akukonza pangano lotere ayenera kumenyera kuti alangizi azikhala nthawi yotalikirapo kapena azibwerera ku gulu lomwelo.

Kusamalira: Mlangizi wabwino amaona injini itafa, amaona kuti njira yoitanitsira masipeya ya eni dziko ikuchedwa, ndiye amathamangira kwa anzake a kwawo n'kubwera ndi chipangizocho mawa lake. Boti limayenda, aliyense amakondwa, koma nyumba yosungiramo katundu ya eni dziko siphunzira kanthu. Vuto limeneli linakula pamene Admiral Elmo Zumwalt, amene anatenga utsogoleri wa asilikali apamadzi a America ku Vietnam kumapeto kwa Seputembala 1968, anayambitsa ndondomeko ya ACTOV yopereka mofulumira maboti kwa eni dziko. Kachitidwe kake kanali kanzeru: mmalinyero wa Chivietnam ankalowa m'boti la America, n'kuphunzira ntchito ya munthu mmodzi, ndipo akaidziwa Mmereka uja ankatsika, mpaka woyendetsa boti n'kukhala womaliza kuchoka. Pofika kumapeto kwa 1970 maboti a mumtsinje anali m'manja mwa eni dziko, ndipo gulu lankhondo lapamadzi la South Vietnam linakula kufika pa anthu pafupifupi 42,000. Koma kuphunzitsa woyendetsa boti kumatenga miyezi, pamene kupeza makaniko wamkulu ndi woyang'anira malo okonzera zombo kumatenga zaka. Zumwalt anazindikiranso kuti mmalinyero amene banja lake lilibe nyumba ndi chakudya sakhala pantchito, moti anayambitsa ntchito yomangira mabanja nyumba ndi yoweta nkhumba ndi nkhuku pamalo a asilikali. Ena angaione ngati nkhani yaing'ono, koma ine ndimaiona ngati imodzi mwa mfundo zolondola kwambiri za nthawi imeneyo. Alangizi atachoka mu Malichi 1973 potsatira pangano la mtendere la ku Paris, ndipo thandizo la ndalama litachepetsedwa mu 1974, maboti mazanamazana anaimikidwa chifukwa chosowa mafuta ndi masipeya. Pa nkhondo ya pa zilumba za Paracel mu Januwale 1974, chombo cha South Vietnam cha HQ-10 chinakumana ndi zombo za China injini imodzi yokha ikugwira ntchito, ndipo chinamizidwa.

Zoopsa: Mlangizi amakhala patsogolo penipeni, ndipo chifukwa ndiye wanyamula wailesi, adani amayamba kufuna iye. Lefutenanti Dale Meyerkord, mlangizi wa gulu la maboti a mumtsinje, anaphedwa mu Malichi 1965. Lefutenanti William Fitzgerald anaphedwa pa 7 Ogasiti 1967 pamene malo a gulu lolondera gombe pafupi ndi Quang Ngai anaukiridwa usiku, iye atatsalira kuti anzake apeze mpata wothawa. Imfa zotere zimakhala ndi mphamvu pa ndale za dziko lothandiza, mwina kulikankhira kulowa mozama m'nkhondo, mwina kulifulumizitsa kuchoka. Komabe ubale umene njirayi imamanga sitingaupeputse. Pamene Saigon, likulu la South Vietnam, inkagwa mu Epulo 1975, Richard Armitage, amene anakhalapo mlangizi, anagwira ntchito ndi maofesala a Chivietnam amene ankadziwana nawo, ndipo zombo pafupifupi 30 zonyamula anthu pafupifupi 30,000 zinaperekezedwa ndi chombo cha America cha USS Kirk kuchokera ku chilumba cha Con Son mpaka ku Subic Bay m'dziko la Philippines.

Njira yachiwiri: kagulu kolumikizitsa

Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, zombo za Poland, Norway, Netherlands, Greece ndi za Afalansa otsatira Charles de Gaulle zinkamenya nkhondo pansi pa dongosolo la Britain, koma zili ndi mbendera zawo, makaputeni awo ndi malamulo awo a mwambo. M'chombo chilichonse munkakwera ofesala wa Britain wolumikizitsa, pamodzi ndi anthu ochepa a zizindikiro, a wailesi ndi omasulira mauthenga achinsinsi. Iwo sankaphunzitsa munthu kuyendetsa chombo, chifukwa eni ake ankaidziwa kale ntchitoyo. Ankangoonetsetsa kuti lamulo lochokera kwa mkulu wa zombo zonse lafika, lamveka, ndipo layankhidwa.

Mtengo: Imeneyi ndiyo njira yotsika mtengo kuposa zonse. Ofesalayo nthawi zambiri ankakhala wachinyamata wolowa usilikali chifukwa cha nkhondoyo, ndipo ulemu wa dziko lothandizidwa sunkakhudzidwa. Pangano la Britain ndi Poland la mu Novembala 1939 linanena momveka kuti zombo za Poland zikhalabe za Poland ngakhale zikulandira ntchito kuchokera ku likulu la asilikali apamadzi a Britain.

Kapezekedwe: Anthu otere amapezeka msanga, malinga akhale odziwa chinenero ndi ochenjera pokhala ndi anthu. Chimene sichipezeka wamba ndi mbali inayo, ndiko kuti gulu lothandizidwa lokhala kale ndi maofesala ndi amalinyero okhwima. Popanda zimenezo kaguluka kalibe cholumikiza.

Kusamalira: Njirayi inayenda bwino chifukwa zombo zambiri zinali zopangidwa ku Britain ndipo zinkakonzedwa m'madoko a Britain ndi masipeya omwewo. Chombo cha Poland cha Piorun, chimene chinaomberana ndi chombo chachikulu cha Germany cha Bismarck mu Meyi 1941, ndi cha Norway cha Stord, chimene chinathandiza kumiza chombo china cha Germany cha Scharnhorst mu Disembala 1943, zonse zinachokera m'manja mwa Britain. Zombo zimene zinathawa kwawo zili ndi mizinga ndi makina a mtundu wina zinkavuta kuzisamalira, ndipo zina zinachita kusinthidwa zida.

Zoopsa: Kaguluka kamafa pamodzi ndi chombo, monga zinachitikira pamene sitima ya pansi pa madzi ya Afalansa ya Surcouf inatayika m'nyanja ya Caribbean mu Febuluwale 1942 ndi anthu onse amene anali m'katimo. Chinanso n'chakuti ofesala wolumikizitsa amalemba malipoti opita kwawo, ndipo amalinyero akayamba kumuona ngati kazitape, ntchito yake imatha mphamvu. Pomaliza, alibe chochita pa mikangano ya ndale ya eni chombo. Amalinyero a Greece ataukira akuluakulu awo ku Alexandria mu Epulo 1944, nkhaniyo inathetsedwa ndi mfuti, osati ndi alumikizi.

Njira yachitatu: mlendo wopatsidwa ulamuliro

Mu Ogasiti 1914, kumayambiriro kwa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, Britain italanda zombo ziwiri zikuluzikulu zimene ufumu wa Ottoman (umene unkalamulira dera la Turkey wa lero) unagula ndipo zinali zikumalizidwa m'madoko a Britain, zombo za Germany za Goeben ndi Breslau zinalowa mu Dardanelles, mpata wa nyanja wa ufumuwo, n'kulengezedwa kuti zagulidwa ndi Ottoman. Zinapatsidwa mayina akuti Yavuz Sultan Selim ndi Midilli, koma amalinyero anakhalabe Ajeremani omwewo. Alangizi a Britain otsogoleredwa ndi Admiral Arthur Limpus anachoka mu Seputembala, ndipo Admiral Wilhelm Souchon wa ku Germany anakhala mkulu wa zombo zonse za Ottoman.

Mtengo: Dziko lothandizidwa limalipira ndi chinthu chodula kuposa ndalama, chomwe ndi mphamvu yosankha nthawi ndi malo omenyera nkhondo. Maofesala a eni dziko amatsekeredwanso njira yokwerera pa maudindo amene akanawaphunzitsa kutsogolera.

Kapezekedwe: Palibe njira yofulumira kuposa iyi, ndipo n'chifukwa chake imabwera pa nthawi ya mantha. Nkhondo ya ku Korea itayamba mu Juni 1950, mkulu wa asilikali apamadzi a South Korea, Sohn Won-yil, anali asanabwerere kuchokera ku America kumene anakagula zombo, ndipo mu Julayi Commander Michael Luosey wa ku America anayamba kuyendetsa ntchito za nkhondo za gululo. Kumeneko zinathandiza, chifukwa gululo linali laling'ono, mdani anali mmodzi wodziwika kwa onse, ndipo makaputeni a zombo anakhalabe Akoreya.

Kusamalira: Chombo chachikulu chobwera ndi akatswiri ake chimakhala cholemetsa ngati dzikolo lilibe pochikonzera. Goeben itagunda mabomba awiri otchera m'madzi mu Disembala 1914, ku Constantinople, likulu la Ottoman, kunalibe doko louma lokwanira kuilandira, kotero anachita kumanga zotchinga madzi m'mbali mwake kuti atseke mabowo. Malasha ake ankadalira zombo zochokera ku Zonguldak zimene Russia inkazisaka pa Black Sea. Nkhondo itatha ndipo Ajeremani atachoka, chombocho chinakhala chosagwira ntchito kwa zaka zambiri mpaka pamene chinamalizidwa kukonzedwa mu 1930.

Zoopsa: Pa 29 Okutobala 1914 Souchon, mogwirizana ndi nduna ya zankhondo Enver Pasha, anatsogolera zombo kukaphulitsa madoko a Russia a Odessa, Sevastopol, Feodosia ndi Novorossiysk, pamene nduna zina za boma la Ottoman sizinkafuna nkhondo. Patangopita masiku ochepa Russia, Britain ndi France zinalengeza nkhondo, ndipo ufumuwo sunapulumuke zotsatira zake. Sindikunena kuti Souchon yekha ndiye anagwetsa ufumu, koma munthu wolumbira kutumikira dziko lina anagwira chingwe pa tsiku limene tsogolo la Ottoman linkasankhidwa. Ulamuliro woperekedwa umavutanso kuubweza. Ngakhale ku South Korea, kumene mgwirizano unayenda bwino, mphamvu zolamula asilikali ake pa nthawi ya mtendere zinabwerera m'manja mwa eni dziko mu 1994.

Njira yachinayi: maphunziro ochitikira kunja pamodzi ndi zombo

Mu 1945 America inatsegula malo achinsinsi ku Cold Bay m'chigawo cha Alaska, kumene pansi pa Captain William Maxwell amalinyero a Soviet Union pafupifupi 12,000 anaphunzitsidwa ndi kupatsidwa zombo 149 pakati pa Epulo ndi Seputembala, pokonzekera kuti dziko lawo lilowe m'nkhondo yolimbana ndi Japan. Ntchitoyi inkatchedwa Project Hula. Chitsanzo cha masiku ano ndi cha amalinyero a Ukraine amene anaphunzitsidwa ku Scotland pa zombo ziwiri zosaka mabomba otchera m'madzi zimene Britain inapereka, zomwe tsopano zimatchedwa Chernihiv ndi Cherkasy.

Mtengo: Ndalama zake ndi zambiri pa nthawi imodzi, chifukwa pamafunika zombo, malo ogona, aphunzitsi ndi omasulira. Dziko lothandizidwa limataya amalinyero ake abwino kwa milungu kapena miyezi nkhondo ili m'kati, koma ulamuliro wake sukhudzidwa ngakhale pang'ono.

Kapezekedwe: Njirayi imafuna kuti dziko lothandiza likhale ndi zombo zoonjezera zoti lingapereke, monga America inalili mu 1945, ndiponso kuti ophunzirawo akhale amalinyero kale. Ku Cold Bay maphunziro anali a milungu yochepa chifukwa obwerawo ankaidziwa nyanja, ndipo chimene ankaphunzira chinali makina achilendo, ngakhale kuti chinenero chinavutitsa mbali zonse ziwiri.

Kusamalira: Mphunzitsi satsagana ndi chombo, choncho chimene sichinaphunzitsidwe padoko sichidzaphunzitsidwanso. Pangano liyenera kunena za masipeya a zaka zingapo, mabuku a makina omasuliridwa, ndi amakaniko ophunzitsidwa mozama kuposa oyendetsa.

Zoopsa: Palibe mlangizi amene amafa kunkhondo, ndipo ichi chimapepukitsa ndale za dziko lothandiza. Koma woperekayo alibe mawu pa mmene zombozo zidzagwiritsidwire ntchito. Maboti otsitsira asilikali pagombe ochokera ku Cold Bay anagwiritsidwa ntchito polanda chilumba cha Shumshu m'manja mwa Japan mu Ogasiti 1945, kumene asanu anatayika, ndipo posakhalitsa America ndi Soviet Union atasanduka adani, kubweza zombozo kunakhala mkangano wa zaka. Palinso nkhani ya njira yofikira kunkhondo. Mu Januwale 2024 Turkey inanena kuti, potsatira pangano la Montreux la 1936 lonena za kudutsa kwa zombo m'mipata ya nyanja ya dzikolo, silola zombo ziwiri za Ukraine zija kudutsa kulowa mu Black Sea nkhondo ya Ukraine ndi Russia isanathe. Amene akusankha njira imeneyi ayang'ane mapu asanasaine kanthu.

Njira iti pa vuto liti

Ngati gulu lanu lili ndi maofesala okhwima ndipo chosowa ndi kumvana ndi zombo za bwenzi lanu, pemphani kagulu kolumikizitsa, ndipo musalole kuti kakule kukhala china chake. Mugwirizane poyera kuti malipoti ake azinena za chiyani, kuti amalinyero asamakaone ngati diso la mlendo.

Ngati amalinyero muli nawo koma zombo mulibe, ndipo pali nyanja yotseguka yodutsamo pobwera nazo, maphunziro akunja ndiwo oyenera. Ndi oyeneranso pamene dziko lothandiza silikufuna kuti anthu ake aoneke pabwalo la nkhondo. Pa amalinyero khumi alionse otumizidwa, ena akhale amakaniko ndi osunga katundu amene adzatsalire kumeneko nthawi yotalikirapo.

Ngati nkhondo ikuoneka kuti itenga zaka, ili m'mitsinje, m'nyanja zapakati pa mayiko kapena m'mphepete mwa gombe, ndipo gulu lanu likukula pamene likumenya, mlangizi wokhala pakati pa asilikali ndiye angathandize kwambiri. Njirayi ndi imene ndingaivomereze kwa magulu ang'onoang'ono ambiri, koma pokhapokha zinthu zitatu zitalembedwa m'pangano: alangizi aphunzire chinenero asanabwere ndipo akhale kupitirira chaka chimodzi, masipeya onse adutse m'nyumba zosungiramo katundu za eni dziko ngakhale zikuchedwa, ndipo alangizi a ku malo okonzera zombo akhale omaliza kuchoka, osati oyamba. Kumene zombo za bwenzi zili kale pamalopo, kusinthana munthu mmodzimmodzi monga zinkachitikira mu ACTOV n'kwabwino kuposa kupereka boti lonse tsiku limodzi.

Kupereka ulamuliro kwa mlendo kusungidwire nthawi imene utsogoleri wa gulu wasweka, mdani ali pakhomo, ndipo mayiko awiriwo akumenya kale nkhondo imodzi ndi cholinga chimodzi, monga ku Korea mu 1950. Dziko limene silinalowe m'nkhondo, kapena limene boma lake ndi logawanika pa nkhaniyo monga Ottoman inalili mu 1914, lisayandikire njira imeneyi. Kumene yasankhidwa, pangano litchule tsiku kapena chochitika chimene ulamulirowo udzabwerere, liike wachiwiri wa eni dziko amene aziona lamulo lililonse lisanatuluke, ndipo linene kuti kuukira doko kapena chombo cha dziko lachitatu kumafuna chilolezo cholembedwa cha boma la eni zombo.